Mpamba wanga unathera ku fiyeta

Sabata ino mwati ndilembe ine, ndiye mundipirire, poti cholembera changa chinazolowera manambala kuposa ziganizo. Ndakhala ndikuwerenga nkhani zanu mwakachetechete, makamaka masana makasitomala akachepa. Lero ndabwera ndi yanga.

Ndimagulitsa nyemba, mpunga ndi mtedza mu msika wa Kawale ku Lilongwe. Ndili ndi kope la hadikava lomwe ndimalembamo za geni: zomwe ndaoda, zomwe ndagulitsa ndi mayina a anthu omwe atenga katundu pangongole. Chakumapeto kwa kopelo kuli masamba anayi omwe mulibe nyemba kapena mpunga. Pamwamba pake ndinalembapo kuti "Za m'mimba". Nkhani ya lero yachokera pa masamba amenewo.

Zinayamba mu 2022. Abambo a m'gulu lino mundikhululukire, matenda ake ndi a amayi koma ndalama zake zinatuluka m'nyumba ya tonse. Ndikapita kumwezi, masiku anayi omwe ndinazolowera anasanduka asanu ndi awiri, kenako khumi. Magazi ake osati masewera, oundana ngati chiwindi. Pa benchi ndinkakhala nditamanga zitenje ziwiri, ndipo ndisanaimirire kukapimira kasitomala ndinkayamba ndacheukira pa mpando. Kenako mimba inayamba kutuluka. Amayi ena odzagula mpunga ankandinena kuti, "Asisi, mwatibisiratu zabwino, matewera tigule liti?" Ine n'kumasekera limodzi, mumtima ndikudziwa kuti m'menemo mulibe mwana.

Ndalama yoyamba pa masamba aja ndi K60,000, ndipo ndimachita nayo manyazi. Inapita ku mankhwala azitsamba a m'mabotolo, omwe wogulitsa wake analumbira kuti amasungunula chotupa chilichonse m'masabata atatu. Ndinamwa mabotolo anayi. Chinasungunuka ndi ndalama basi. Musandiseke, chifukwa botolo la K15,000 umatha kuligula lero ndi phindu la dzulo, osatseka benchi, osafotokozera munthu aliyense. Ambiri a ife timayambira kumeneko chifukwa ndi khomo lokhalo lomwe thumba lathu limakwanapo.

Zitakanika ndinapita kukaunikitsa pa kachipatala kena kolipira. Adokotala anatembenuza kanema uja kuti ndione, n'kundiuza kuti, "Mayi, izi ndi zotupa za m'chiberekero, ma fibroids. Si khansa, mtima ukhale m'malo." Anafotokoza kuti ndi minofu ya chiberekero yomwe imakula mopitirira, kuti amayi ambiri a msinkhu wanga amakhala nazo ndipo ena sadziwa n'komwe, komanso kuti zimafota zokha munthu akasiya kusamba. Koma ine ndinali ndi zaka 34, kusiya kusamba kunali kutali, ndipo chotupa chachikulu chinali ngati mango a boloma, china chikupanikiza chikhodzodzo. Atandiyeza magazi anapeza 7, pomwe mayi wabwinobwino amayenera kukhala cha m'ma 12. N'chifukwa chake ndinkachita wefuwefu pongonyamula ndowa imodzi ya nyemba. Anandilembera kalata yoti ndipite ku chipatala chachikulu cha boma akandipange opaleshoni.

Apa ndinene chilungamo. Zipatala za boma kuno kwathu salipiritsa, ndipo ine ndine mboni. Ana anga awiri anabadwira komweko, wachiwiriyo pa opaleshoni, ndipo sindinatulutse ngakhale tambala. Popanda zimenezo mwina lero kulibe wolemba nkhani ino. Ndiye ndinapita ndi chikhulupiriro chonse. Anandiona bwinobwino, anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kundilemba pa mndandanda. Tsiku langa linali patsogolo ndi miyezi itatu.

Tsikulo litafika ndinagonekedwa, usiku osadya monga anandiuzira. M'mawa tinavala zovala za ku fiyeta, tilipo amayi asanu, n'kumadikira. Dzuwa linafika pamutu. Chakumadzulo anesi anabwera nkhope itatopa n'kutiuza kuti, "Amayi, pepani, lero zakanika. Kwabwera odwala mwadzidzidzi ambiri." Sindikanakwiya. Ndinaona ndi maso anga mtsikana akuthamangitsidwa pa kabedi ka matayala, magazi ali chuchuchu. Zaka zingapo kumbuyoko wothamangitsidwayo ndinali ine, ndipo wina anabwezedwa kuti ine ndilowe. Ulendo wachiwiri anati magazi anga atsikanso, sangandiike mpeni popanda magazi ondiwonjezera, ndipo ochepa omwe analipo ankasungira a ngozi ndi ochira. Tsiku lachitatu lomwe anandipatsa linali kutali moti ndinangopinda bukhu la kuchipatala n'kuliponya m'chikwama.

Anthu a pa ntchito za malipiro a pamwezi mwina sangamvetse chomwe kudikira kumatanthauza kwa munthu wa geni. Ine ndilibe tchuthi cha odwala. Tsiku lomwe ndili pa mzere ku chipatala, benchi limakhala lofunditsidwa pepala la pulasitiki, ndipo kasitomala wanga akapeza pofunditsa amangosuntha mapazi atatu n'kugula kwa mnzanga. Chithandizo cha boma chinali chaulere ndithu, koma ndinkalipira ndi masiku, minibasi, mapadi ndi mphamvu zomwe zinkatha mwezi ndi mwezi. Pomafika kumapeto kwa 2023 masamba aja anali atawerenga kale K150,000, mpeni usanandikhudze.

Mu Januwale 2024 ndinagwa mu msika. Ndinkatsitsa ndowa ya mpunga, ndinangoona mdima. Podzidzimuka ndinali pansi, mayi a tomato oyandikana nane akundikupiza ndi katoni, mpunga uli mbwee m'matope. Chinandiwawa kwambiri ndi mpungawo, mwaona mmene mutu wa munthu wa geni umayendera. Madzulo ake bambo a kunyumba anati, "Amake mwana, basi zakwana. Tifufuze kolipira."

Tinayamba ndi chipatala china chapulaiveti cha m'tauni. Mtsikana wa polandirira alendo anafunsa mwaulemu kuti, "Muli pa sikimu?" Ndinamva ngati akufunsa za sikimu ya mpunga ya kumadambo. Amatanthauza inshulansi ya zaumoyo, makhadi aja ngati a MASM omwe anzathu ambiri a m'maofesi amadulidwa kumalipiro. Nditati ayi, anatchula ndalama yodutsa K2 miliyoni. Tinathokoza n'kutuluka, ndipo panjira tinaseka ngati amisala, poti kulira pa msewu n'kovuta.

Kenako tinakwera minibasi kupita ku chipatala cha mishoni kunja kwa mzinda. Zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa CHAM, zimalipiritsa koma mitengo yake imakhalako pansi. Zina zili pa mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa osalipira. Koma chotupa si mimba, ngakhale chimakuchititsa kuoneka ngati wa miyezi isanu. Anatiuza kuti opaleshoni ndi K450,000, ndipo K300,000 iyambe yaperekedwa ndisanalowe ku fiyeta. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anali atachitidwa yofanana nayo chaka chapitacho pa mtengo wotsikirapo. Nditafunsa, abambo a pa windo lolipirira anati, "Mayi, kwacha inagwa." Sanali kunama. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo zambiri za ku fiyeta monga magolovesi, ulusi wosokera ndi mankhwala zimachokera kunja. Ine ndemwe ndinali nditakweza kale mpunga pa chifukwa chomwecho. Ndikanatsutsa bwanji?

Usiku umenewo tinakhala pa mkeka ndi kope lija ana atagona. Bambo a kunyumba ndi mmisiri womanga, ndipo nthawi ya mvula anthu ambiri amaimitsa zomanga. M'thumba mwawo munali K18,000. Anati, "Tigulitse katundu wa pa benchi." Ine ndinati, "Bambo, mpamba sadya. Tikaudya tidzadya chiyani?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Nanga mukagwanso osadzuka, mpambawo adzagulitse ndani?" Ndinasowa choyankha.

Mundilole ndifotokoze za mpamba, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Geni ndinaiyamba ndi K15,000, ndikugulitsa mandasi pa geti la sukulu nditangolemba mayeso a Folomu 4 omwe sanayende bwino. Zaka zinatha ndikuwonjezera pang'onopang'ono mpaka kupeza benchi. Geni ya nyemba ndi mtedza phindu lake lili m'kudikira. Umaoda nthawi yokolola, nyemba ku Dedza ndi ku Lizulu, mtedza ku Mchinji ndi ku Mitundu, pomwe mitengo ili pansi. Umathira mankhwala, umasunga, n'kudzagulitsa pang'onopang'ono Januwale ndi Febuluwale zinthu zikasowa. Matumba omwe anali kuchipinda kwanga ndiwo anali malipiro anga a chaka chonse, fizi ya mwana, lendi, ndi mbewu ya geni ya chaka chinacho.

Ndinawapikulitsa tsiku limodzi. Opikula ali ndi mphuno, amanunkhiza munthu wopanikizika. Katundu yemwe ndikanapezapo K420,000 pogulitsa pa mbale ndi pa kilo anapita pa K330,000. Wogulayo ndimamudziwa, timapatsana moni mpaka lero. Sindimuda, chifukwa inenso ndinagulapo motchipa kwa mlimi yemwe ankathamangira ku chipatala ndi mwana, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuti Mulungu wandikomera mtima.

Kuchoka apo ndinapita ku banki m'khonde yathu. Tilipo amayi 20, timakumana Lachinayi lililonse. Kuti ukongole ndalama yochuluka umayenera kunena chifukwa pamaso pa onse. Ndinaima n'kufotokoza zomwe ndinabisa zaka ziwiri pansi pa zitenje. Anandipatsa K200,000 pa chiwongola dzanja cha gulu lathu, 20 pa 100 iliyonse pamwezi. Malamulo ake ndinavomereza nawo ndekha pomwe tinkayamba gululo, ndikuganiza za ngongole yoodera katundu, yomwe imabereka isanathe mwezi. Ngongole ya matenda sibereka kanthu. Mlongo wanga wa ku Johannesburg, yemwe nthawi imeneyo ankangogwira maganyu, anatumiza K90,000 pa Mukuru ndi uthenga woti, "Achemwali, ndi zomwe ndakwanitsa, pepani." Amayi a Chigwirizano anabwera ndi K35,000, shuga ndi pemphero. Anzanga a mu msika anayendetsa kope n'kusonkha K28,000.

Ku chipatala sugona wekha, pamafunika wokudikirira. Amayi anga anachoka kumudzi ku Dedza, kusiya munda nthawi yobandira ndi kuthira feteleza wachiwiri. Ndinati, "Amayi, nanga kumunda?" Iwo anati, "Iwe, chimanga chimabzalidwa chaka ndi chaka, mwana sabzalidwa." Chaka chomwecho mvula inadula pakati m'madera ambiri, ndipo munda wosabandira uja unatulutsa zochepa kwambiri. Zimenezo sindinalembe m'kope chifukwa sindidziwa mtengo wake, koma ndikudziwa kuti amayi anayamba kugula ufa mwezi wa Ogasiti.

Tsiku logonekedwa tinayambira pa windo lolipirira. Ndinamasula mpango n'kuwerenga ndalama za ma K5,000 ndi ma K2,000, zina zikununkha mtedza. Lisiti lake ndinalisunga m'bra ngati mwana wakhanda. Pa bedi loyandikana ndi langa panali mayi wina wochokera kumudzi, wa vuto ngati langa. Anali atagulitsa mbuzi zitatu, koma ndalama inaperewera, ndipo mwamuna wake anabwerera kumudzi kukasaka yotsalayo. Anadikira masiku awiri. Lachitatu m'mawa anapinda zitenje zake, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mnzanga, zikuyendereni bwino, ife tidzabweranso tikakolola." Sindinamufunse dzina kapena mudzi. Mpaka lero ndikaona mayi wa mimba yotupa m'minibasi ndimamuyang'anitsitsa.

Anandiika magazi mabotolo awiri ndisanalowe. Adokotala anatiitana ine ndi bambo a kunyumba n'kutiuza kuti zotupazo n'zambiri, ndipo akachotsa zokhazo zikhoza kudzameranso. Njira yotsimikizika inali kuchotsa chiberekero chonse. Tinali tikulakalaka mwana wachitatu. Koma ndikuuzeni zoona, pomwe ankafotokoza, mutu wanga unathamangira ku masamu: zikadzameranso, K450,000 ina idzachokera kuti? Ndinasaina. Nthawi zina usiku ndimadzifunsa ngati ndinasaina ine kapena linasaina thumba langa. Adokotala sanandikakamize, ndipo mwina ngakhale ndikanakhala ndi ndalama ndikanasankha chomwecho. Koma mpata woganiza ngati munthu wopanda ngongole sindinaupeze.

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo anthu aja ndimawathokoza kuchokera pansi pa mtima. Anandibaya jakisoni wa pamsana, ndinafa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, ndikumva akucheza ndi kundifunsa ngati ndili bwino. Amayi amati mawu anga oyamba nditabwerera ku wodi anali akuti, "Bilu yafika zingati?" Botolo lililonse la diripi likamakolekedwa ndinkaliyang'ana ngati thumba la nyemba likutuluka pakhomo. Tsiku lachitatu ndinayamba kupempha kuti anditulutse, ndikunamizira kuti ndapeza bwino, chifukwa usiku uliwonse pa bedi lija unali ndi mtengo. Anesi wina wachikulire anandizindikira. Anati, "Mayi, mukathawa bedi lero mudzalipira awiri mawa. Gonani."

Bilu yomaliza inakwana K560,000, kuphatikiza magazi, bedi, zoyeza ndi mankhwala. Ndalama zomwe tinasonkhanitsa zija zinali zitagwira kale ntchito zina: lendi ya mwezi umenewo, chakudya cha ana kunyumba, makala ndi ndiwo za amayi ku khitchini ya odikirira odwala. Tinaperewera pafupifupi K100,000. Bambo a kunyumba anachoka m'mawa n'kubwera madzulo ndi ndalamayo. Sanandiuze komwe aitenga mpaka titafika kunyumba, pomwe ndinaona kuti pa kabati palibe wailesi ya kanema. Anali ataiika chikole kwa munthu wa katapila: K100,000 kuti pakutha pa mwezi abweze K150,000.

Potuluka anandilangiza kuti ndisanyamule cholemera kwa masabata asanu ndi limodzi. Ndinavomera ndi mutu, koma geni yanga yonse ndi kunyamula. Pa benchi ndinasiyapo mwana wa achemwali anga ndi katundu wochepa yemwe anatsala. Mwanayo ndi wokhulupirika, koma sadziwa kuti kasitomala uyu amafuna basela, uyu amalipira pa 30, uyu osamukongoza. Anthu ena omwe anali ndi ngongole zanga anayamba kudzera njira ina. Nditakwanitsa masabata atatu ndinabwerera mu msika, ndikumanga chitenje cholimba pamimba. Sabata yomweyo bala linayamba kutuluka madzi, ndipo ndinabwereranso ku chipatala kukatsukitsa, minibasi ndi mankhwala zinanso. Anesi aja ananena zoona.

Mwana wanga wamkulu anali Folomu 1 pa sukulu yapulaiveti ya m'dera mwathu. Teremu imeneyo anabwezedwa kawiri chifukwa cha fizi, ndipo anakhala pakhomo pafupifupi mwezi. Tsiku lina ndinamupeza akuwerenga kope langa la geni. Anandifunsa kuti, "Amayi, ndikasiya sukulu teremu ino ngongole itha msanga?" Pa zonse zomwe ndinamva kuwawa chaka chimenecho, kuphatikiza bala, funso limenelo ndi lomwe silinapole.

Tsopano masamu ake, poti ndine munthu wa manambala. Ndisanafike ku mishoni ndinali nditawononga K150,000. Bilu inali K560,000. Mayendedwe, galimoto ya hayala yobwerera kunyumba, chakudya cha ku chipatala ndi mankhwala ogula ku famase zinakwana K140,000. Zonse pamodzi K850,000. Koma nambala imeneyo ndi ya pa malisiti chabe. Wa katapila tinalephera kumubwezera pa nthawi yake, tinkangopereka K50,000 ya pamwamba mwezi ndi mwezi, ndipo pomatenga wailesi yathu tinali titamupatsa K250,000. Ku banki m'khonde ndinatha miyezi inayi ndikupereka K40,000 ya chiwongola dzanja chokha, ngongole yeniyeniyo ili chiimire. Pogawana mu Disembala anzanga ankanyamula ndalama zogulira feteleza ndi zovala za Khirisimasi, ine masheya anga anangotsekera ngongole. Onjezanipo K90,000 yomwe ndinaluza popikulitsa. Ndipo nthawi yokolola itafika, mitengo ili pansi, ndinalibe choodera. Opaleshoni ya tsiku limodzi inandidyera nyengo ziwiri za geni.

Pali chinthu china chomwe ndakhala ndikuchisinkhasinkha, ndipo ndichinene ngakhale chikhudza anzanga omwe ndimawakonda. Miyezi ingapo ndisanagwe, mu msika mwathu munamwalira bambo wina wogulitsa nsomba. Kope la chipepeso linayenda m'mawa, ndipo pofika masana linali litadutsa K300,000, osawerengera ufa, nkhuni ndi ndiwo. Msika unatsekedwa theka la tsiku, tonse tinakaperekeza. Bambo ameneyo anadwala miyezi yambiri, ndipo sindikumbuka kuti kope linayendapo ali moyo. Langa linayenda, n'kupeza K28,000. Ndili pa bedi ndinadziuza kuti ndikanafa pa tsiku lomwe ndinagwa lija, bokosi langa likanagulidwa dzuwa lisanalowe.

Poyamba ndinawawidwa mtima. Kenako ndinatsegula kope langa lomwe, masamba a m'mbuyo, n'kupeza dzanja langa: pa maliro a bambo aja K5,000, pa matenda a mayi wina wa makala K500. Ndiye ndiloze ndani chala? Maliro timawaopa, ndipo aliyense amaona yemwe wapereka ndi yemwe sanapereke. Maliro ali ndi tsiku lothera, pomwe matenda sudziwa kuti upereka kangati. Komanso maliro sabisika, pomwe matenda, makamaka a ife amayi, timawafunditsa zitenje ziwiri. Anzanga ambiri anadziwa za vuto langa tsiku lomwe ndinagwa. Mayi a tomato aja anandikalipira kuti, "Asisi, zaka ziwiri tikudyera limodzi chinangwa pano, osanena? Mumationa ngati ndani?" Anali ndi chifukwa chokwiyira.

Pomwe tinkayamba chaka chatsopano ku banki m'khonde ndinapempha kulankhula. M'gulu lathu munali kale kathumba ka sosholo, koma kankangotuluka pa maliro. Ndinati tiyeni tikhale ndi thumba lina la matenda aakulu, aliyense K1,000 pa sabata, ndipo wofunika opaleshoni kapena kugonekedwa azikongola popanda chiwongola dzanja, n'kuyamba kubweza atachira. Mkangano unalipo. Wina anati anthu azinamizira kudwala. Wina anati nanga ine wosadwaladwala ndipindula chiyani. Amayi athu apampando anangoti, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," ndipo tinagwirizana kuti wokongola azionetsa bukhu la kuchipatala kwa anthu awiri okha, osati gulu lonse, kuti manyazi asamaphe anthu. Amayi 20 pa K1,000 ndi K20,000 pa sabata, ndipo pa chaka imadutsa K1 miliyoni ngati palibe wadumphitsa. Thumbalo lathandizapo kale mmodzi wa ife yemwe mwana wake anathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza.

Sindikunena kuti tapeza yankho. Awiri akadwala mwezi umodzi thumbalo ligwada. Ndipo si zoona kuti amayi ogulitsa tomato ndi makala ndiwo angasenze okha mtolo womwe ukulemera dziko lonse. Timadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, timalipira msonkho pa shuga, sopo ndi mayunitsi. Chomwe ndimalakalaka n'choti mayi wa chotupa akapatsidwa tsiku ku chipatala cha boma, tsikulo lizikhala lake ndithu, magazi alipo, fiyeta ilipo, adokotala okwanira. Ndimalakalakanso patakhala sikimu yoti munthu wopanda malipiro a pamwezi azitha kuponyamo pang'onopang'ono pa foni, monga timachitira pogula magetsi. Anthu ophunzira a m'gulu lino, inu mukudziwa makomo omwe ife sitifikako, nkhaniyi muzikainena kumeneko.

Kwa amayi anzanga, langizo langa ndi la munthu yemwe anapsa kale. Masiku a kumwezi akayamba kuchuluka, kapena mimba ikamakula popanda chifukwa, pitani msanga mukaunikitse ndipo mulembetse pa mndandanda wa boma magazi anu asanatsike. Ine ndinataya nthawi ndi mabotolo ndi manyazi, ndipo pomwe ndinkafika thupi linalibenso mphamvu yodikirira chaulere. Mukapita kolipira, funsani kuti mtengo womwe akutchulawo ukuphatikiza chiyani, magazi, bedi ndi mankhwala zili momwemo kapena ayi, chifukwa ife tinakonzekera K450,000 n'kukumana ndi K560,000. Ndipo uzaniko mnzanu mmodzi.

Lero ndili bwino. Ndimanyamula ndowa osaona mdima, ndimavala chitenje chimodzi, ndipo ndimaimirira pa mpando osacheuka. Mwana ali pa sukulu. Benchi langa lili ndi katundu wosafika theka la yemwe ndinali naye kale, mtedza ndinayamba ndausiya kaye, ndipo nyemba ndikupikula kwa munthu yemwe uja anagula matumba anga. Pa masamba a "Za m'mimba" patsala mzere umodzi wosadula: K90,000 ya mlongo wanga. Iye amati inali mphatso, ndisamavutike. Ine ndinailemba ngati ngongole, ndipo ndidzaidula tsiku lomwe ndidzamutumizire.

Amene munadutsamo m'zoterezi, inu ndalama yake munaipeza bwanji, ndipo munabwerera liti pomwe munali? Ndiwerenga ndemanga zanu madzulo ndikaweruka, panopa kwabwera kasitomala wa mpunga.